Munda si Thengo: Kalata kwa Akhristu ndi Anthu Onse Akufuna Kwabwino a m'Dera la Kasakula



 Takulemberani kalata ino pa nkhani ya malo: minda, madimba, madambo ndi nkhalango zomwe zimatidyetsa, ndi momwe zingatipulumukire m'manja m'dzina la chitukuko cha ntchito zokopa alendo ngati sitichitapo kanthu nthawi ikadalipo. Nkhani ya malo ndi nkhani ya ulamuliro, pakuti funso lake ndi lakuti: ndani amene amagamula za tsogolo la nthaka ya mudzi, amagamulira kuti, ndipo pogamulapo amakhala atamva mau a yani?

Chifukwa chomwe talembera tsopano

M'chaka cha 2021 dziko lathu linakhazikitsa masomphenya a chitukuko otchedwa Malawi 2063, omwe mwa zina amayembekezera kuti ntchito zokopa alendo zidzabweretsa chuma ndi ndalama zakunja. M'chaka chotsatira, 2022, boma linatulutsa ndondomeko ya zaka 20 yoitanira anthu a ndalama kuti adzamange mahotela ndi malo ena osangalatsa alendo m'madera osiyanasiyana a dziko lino. Maboma amasintha, koma njala ya ndalama zakunja siinasinthe, ndipo aliyense wolowa m'boma amayang'ana ku nyanja, ku mapiri ndi ku nkhalango.

Mapiri athu ali nazo zomwe alendo otere amafuna. Pali nkhalango ya pa phiri la Ntchisi, imodzi mwa nkhalango zowirira zochepa zomwe zatsala m'chigawo chapakati, momwe makolo athu ankabisala pa nthawi ya nkhondo za Angoni. Pali mphepo yozizira bwino, mbalame za mitundumitundu, ndi zitunda zomwe munthu akaimapo kukacha bwino amaona nyanja ili nyezinyezi kumunsi. M'mphepete mwa nkhalangoyo muli nyumba yomwe inamangidwa m'chaka cha 1914 ngati mopumulira bwanamkubwa wachitsamunda, ndipo patapita zaka inasanduka malo ogona alendo. Kufupi nafe kulinso malo osungirako nyama zakutchire a Nkhotakota, omwe bungwe la African Parks linayamba kuyendetsa mogwirizana ndi boma m'chaka cha 2015, ndipo m'zaka za 2016 ndi 2017 kunasamutsidwira njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Zonsezi zili pa mtunda wa maola owerengeka kuchokera ku Lilongwe. Misewu ikamakonzedwa, maso a anthu a ndalama adzakwera phiri.

Tinene poyera kuti sitikudana ndi alendo, ndiponso sitikukana chitukuko. Mlendo wodzaona nkhalango amagula uchi, nthochi ndi mazira, amalemba mnyamata womulondolera njira, ndipo amatikumbutsa kuti mtengo woimirira uli ndi mtengo wake kuposa thumba la makala. Chomwe tikukana ndi chitukuko chomwe chimayamba ndi kufafaniza mlimi pa mapu.

Chomwe mlendo amaona, ndi chomwe ife timaona

Munthu wochokera ku tauni akaima pa chitunda m'mwezi wa September amaona udzu wouma, mapesi ndi mitengo ya apo ndi apo. M'lipoti lake amalemba kuti malowo ndi ongokhala, opanda ntchito. Koma mayi wa m'mudzimo akaima pa chitunda chomwecho amaona zina. Apo ndi tsala la agogo ake lomwe aligoneka kuti nthaka ipume, ndipo mwana wake wamkazi akakwatiwa adzalima pomwepo. Apo ndi pomwe amamweta udzu wofolera nyumba. Kumunsi kuli dambo lomwe ng'ombe ndi mbuzi zimadyako m'chilimwe, ndi dimba lomwe limapereka ndiwo, anyezi, kachewere ndi chimanga chachiwisi pomwe nkhokwe yayamba kupepuka. Kanjira kodutsa pakatipo ndi ka ana a sukulu ndi ka odwala opita kuchipatala. Kankhalango kowirira kaja ndi manda. Kasupe wa kuseri kwa thanthwe ndiye amene saphwa ngakhale mjigo utaonongeka. Mvula ikagwa, m'thengo lomwelo mumachokera bowa ndi matondo, ndiwo za m'nyumba zomwe zimasandukanso ndalama ya mchere ndi sopo.

Palibe chimodzi mwa zimenezi chomwe chili ndi chikwangwani kapena chikalata. N'chifukwa chake n'zosavuta kuzitaya.

Tikumbukirenso kuti malo sakukula pomwe ife tikuchuluka. Pa kalembera wa 1966 Amalawi tinalipo pafupifupi 4 miliyoni. Pa kalembera wa 2018 tinapitirira 17.5 miliyoni. Boma la Ntchisi lokha linapezeka ndi anthu oposa 317,000, ndipo gawo lina la nthaka yake ndi mapiri, zigwembe ndi nkhalango zotetezedwa zomwe sizilimidwa. Aliyense wa ife akudziwa banja lomwe munda wa agogo wagawidwa kanayi kapena kasanu mpaka mwana aliyense watsala ndi mizere yowerengeka. M'dera lotere mulibe malo opanda mwini. Muli malo omwe eni ake sanafunsidwe.

Za chipukuta misozi ndi za ntchito

Malo akamatengedwa, anthu amalonjezedwa zinthu ziwiri: chipukuta misozi ndi ntchito. Tiyeni tiziyese zonse ziwiri modekha.

Owerengera chipukuta misozi amawerenga zomwe maso akuona tsiku limenelo: nyumba, mitengo ya mango, nthochi, mbewu zomwe zili m'munda. Koma munda wa maekala awiri sumabereka chaka chimodzi chokha. Unadyetsa amayi anu, ukudyetsa inu, ndipo ukadzasamalidwa udzadyetsa adzukulu anu. Ndalama yolandira kamodzi imafika m'nyumba momwe muli ngongole ya fetereza, fizi ya sukulu ndi denga lodontha, ndipo pomwe mvula yachiwiri ikugwa imakhala itatha. Mphamvu yakenso imasungunuka ili m'thumba: m'mwezi wa November 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo yemwe anali atasinthanitsa munda ndi ndalama anadzuka ali ndi zochepa kuposa zomwe ankaganiza kuti ali nazo. Munda sunagwetsedwe mphamvu tsiku limenelo. Tsono banja likafuna kugula malo ena, limapeza kuti mitengo yakwera kaamba ka hotela yomweyo, ndipo limathera pa kubwereka minda chaka ndi chaka, kapena kukwera m'phiri kukalima potsetsereka pomwe nthaka imakokoloka ndi mvula yoyamba.

Kunena za ntchito, malo ogona alendo a zipinda khumi kapena makumi awiri salemba mudzi wonse. Amalemba alonda, ophika, ochapa ndi osesa owerengeka, ndipo maudindo a malipiro abwino kawirikawiri amapita kwa ophunzira ochokera kutali. Ntchitozo n'zabwino kwa omwe azipeza, ndipo sitikuzinyoza. Koma zimadalira anthu a kutsidya kwa nyanja omwe angathe kuleka kubwera nthawi ina iliyonse. Tinaziona m'chaka cha 2020 pomwe mliri wa Covid-19 unaimitsa ndege: mahotela a m'mbali mwa nyanja ndi a m'mizinda anatseka kapena kuchepetsa antchito, ndipo ambiri mwa iwo anabwerera kumudzi. Anapulumuka chifukwa kumudziko kunali munda. Akuluakulu anati fodya wako ndi yemwe ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Zomwe zinachitikira ena

Dziko lathu lili ndi mbiri yaitali ya malo otayika kudzera pa pepala. M'zaka za m'ma 1890, boma la Harry Johnston linapereka zikalata kwa azungu zotsimikiza kuti malo aakulu a ku Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi madera ena ndi awo, potengera mapangano omwe mafumu anadindapo chala atalandira nsalu, mikanda ndi mfuti. Mafumuwo ankayesa kuti akubwereka mlendo pokhala, monga mwa mwambo. Mlendoyo ankadziwa kuti wagula mpaka muyaya. Zotsatira zake zinali thangata, kuukira kwa John Chilembwe m'chaka cha 1915, ndi kusowa kwa malo komwe anthu a ku Thyolo ndi Mulanje akulira nako mpaka lero, patapita zaka zoposa 130.

Kwathu kuno chigawo chapakati tili ndi chilonda chathu. Lamulo la malo la 1965 linapatsa nduna mphamvu yopereka malo a makolo pa lizi, ndipo m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 maesiteti a fodya anafalikira ku Kasungu, Mchinji, Dowa ndi kuno ku Ntchisi. Nthawi zambiri chomwe chinkafunika chinali siginecha ya mfumu yonena kuti malowo alibe mkangano. Ambiri sankadziwa kuti pansi pa lamulo limenelo malo akalowa pa lizi achoka m'manja mwa mudzi, ndipo lizi ikatha ankasanduka a boma, osabwerera kwa eni ake akale. Ana a anthu omwe ankalima pamenepo anasanduka matenanti pa nthaka ya makolo awo. Madandaulo otere ndi ena mwa omwe anachititsa kuti m'chaka cha 1996 kukhazikitsidwe komiti ya pulezidenti yofufuza za malo, yomwe lipoti lake linabala mfundo za dziko zoyendetsera malo za 2002.

Wina anganene kuti izo zinali za tiyi ndi fodya, osati za alendo. Tiyeni tsono tiyang'ane za alendo zenizenizo. Pomwe malo osungirako nyama a Nyika anakulitsidwa m'chaka cha 1978, midzi ya Aphoka ndi anansi awo inasamutsidwa, kusiya minda ndi manda m'kati mwa malire atsopano. Ambiri anapititsidwa ku madera otentha komwe sanazolowere, ndipo adzukulu awo akadali kudandaula. Kumeneko kunali kusamutsa kwa boma la chipani chimodzi, pomwe munthu sankatha kufunsa.

Koma ku nyanja malo anapita mwakachetechete, popanda msilikali. Yendani m'mbali mwa nyanja ku Senga Bay m'boma la Salima, kapena kuchokera ku Mangochi kulowera ku Monkey Bay, muone momwe mipanda ya mahotela ndi nyumba zopumulirako anthu olemera yandandalikira. Puloti iliyonse inagulidwa payokha, mwina mwachilungamo ndithu, wogulitsa n'kusangalala tsiku limenelo. Palibe yemwe anakhala pansi n'kufunsa kuti mapuloti onsewa akadzalumikizana, asodzi adzakocheza kuti mabwato, adzayanika kuti usipa, ndipo amayi adzatsikira pati kukatunga madzi ndi kuchapa. Lero m'malo ena mudzi wonse umadutsira pa kampata kopapatiza pakati pa makoma awiri kuti ukafike ku nyanja yomwe unabadwira. Apa sipanalakwe munthu mmodzi, panasowa dongosolo. Chitsanzo chimenechi ndicho chomwe chikutidetsa nkhawa koposa, chifukwa ndi momwe zingachitikire pa zitunda zathu: ekala imodzi lero, ziwiri chaka cha mawa, mpaka njira ya ku kasupe itatsekeka.

Palinso mtolo womwe alimi oyandikana ndi nyama amasenza ngakhale malo awo asanakhudzidwe. M'chaka cha 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kuchokera ku Liwonde kupita ku malo osungirako nyama a Kasungu, pofuna kubwezeretsa nyama ndi kukopa alendo. Mpanda unali usanazungulire malire onse. M'miyezi ndi zaka zotsatira anthu a m'midzi ya ku Kasungu ndi a tsidya la Zambia anadandaula za minda yoonongedwa, nkhokwe zopasulidwa ndi abale awo ophedwa ndi njovu, mpaka ena anakafuna thandizo kwa maloya a ku Britain. Mlendo amajambula njovu n'kubwerera kwao. Mlimi ndiye amagona m'munda ndi ng'oma ndi muuni. Abale athu okhala m'malire a nkhalango ya Nkhotakota akudziwa kusiyana kwa mudzi womwe mpanda wamagetsi unafika ndi womwe sunafike.

Ndipo si kuno kokha. Ku Loliondo, kumpoto kwa Tanzania, m'mwezi wa June 2022 boma linadula malo okwana masikweya kilomita 1,500 omwe Amaasai ankadyetsako ziweto, n'kuwasandutsa osungirako nyama, m'dera lomwe alendo olemera amapitako kukasaka. Anthu anavulala, ena anathawira ku Kenya. Paliponse pomwe izi zachitika, chigamulo chinamangidwa kutali, pa mapu omwe sankaonetsa anthu.

Malamulo alipo, koma sadziyendera okha

Lero sitili m'chaka cha 1978. Malamulo aakulu a dziko lino a 1994, pa gawo 28, amati munthu asalandidwe katundu wake mwachisawawa. Ndipo pa gawo 44 amati boma lingatenge malo pokhapokha ngati n'zothandiza anthu onse, litadziwitsa eni ake mokwanira ndi kupereka chipukuta misozi choyenera, ndipo wodandaula ali ndi ufulu wopita ku khoti. Tifunse mosaopa: kodi hotela ya munthu mmodzi, yomwe phindu lake likupita m'thumba lake, ndi chinthu chothandiza anthu onse mofanana ndi chipatala kapena msewu? Ife tikuona kuti ayi. Wofuna kuchita malonda akambirane ndi eni malo ngati wamalonda, ndipo eni malo ali ndi ufulu wokana.

M'chaka cha 2016 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa malamulo atsopano a malo, omwe anakonzedwanso m'chaka cha 2022. Awiri mwa iwo ndi ofunika kuti Mkhristu aliyense wa kumudzi awadziwe. Loyamba ndi lamulo la malo a makolo. Linakhazikitsa komiti ya malo pa gulupu aliyense, yomwe wapampando wake ndi a gulupu, pamodzi ndi anthu ena 6 osankhidwa ndi mudzi, ndipo mwa iwo osachepera atatu akhale amayi. Linatsegulanso njira yoti banja lilembetse malo ake ndi kulandira chikalata, ndi kuti mikangano iyambe kuweruzidwa pa bwalo la malo la kwa mfumu yaikulu isanapite patsogolo. Kulembetsaku kunayamba moyeserera m'madera ena a ku Kasungu, Phalombe ndi Rumphi. Tanthauzo lake n'lakuti masiku oti munthu mmodzi, ngakhale ali ndi mpando, apereke malo a mudzi payekha usiku anatha.

Lachiwiri ndi lamulo la mapulani a kagwiritsidwe ntchito ka malo. Lamulo lakale la 1988 linkagwira ntchito makamaka m'mizinda ndi m'madera osankhidwa. La 2016 linati dziko lonse, kuphatikizapo midzi, likhale pansi pa mapulani, ndipo makhonsolo akonze mapulani oonetsa kuti apa ndi polima, apa pomanga, apa posungira madzi ndi mitengo. Lamuloli ndi mpeni wakuthwa konsekonse. Mudzi ukalankhula, pulani imeneyi ndi chishango: dimba lolembedwa kuti ndi malo a ulimi silingasanduke bwalo la hotela popanda kusintha pulaniyo poyera. Mudzi ukakhala chete, pulani yomweyo idzajambulidwa mu ofesi, ndipo tsala la agogo lidzapakidwa utoto wosonyeza kuti ndi malo oyembekezera chitukuko.

Powonjezera apo, lamulo la zachilengedwe la 2017 limafuna kuti ntchito zikuluzikulu ziyambe zaunikidwa momwe zidzakhudzire chilengedwe ndi miyoyo ya anthu, ndipo anthu okhudzidwa afunsidwe. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2020. Choncho kupempha kuona pulani ya khonsolo kapena pepala la lizi si mwano, si ndale, ndi ufulu.

Pomwe mpata uli

Kuyambira 1998, pomwe dziko lino linavomereza mfundo za mphamvu ku anthu, chitukuko chimayenera kuyambira pansi: komiti ya chitukuko ya m'mudzi, ija timaitcha VDC, imasonkhanitsa zofuna za anthu, zimapita ku komiti ya dera lonse la mfumu yaikulu, ya ADC, kenako ku khonsolo, komwe zimalowa m'pulani ya chitukuko ya boma lonse. Njirayi ndi yabwino, koma inakula mopunduka. Makhansala omwe tinasankha m'chaka cha 2000 atamaliza nthawi yawo mu 2005, dziko linakhala zaka 9 lopanda makhansala mpaka chisankho cha 2014. M'zaka zimenezo tinazolowera kuti zinthu zimagamulidwa ndi akuluakulu a ku boma, ife n'kumangouzidwa. Chizolowezicho sichinatheretu.

Taonaninso zomwe timalemba tikaitanidwa ku msonkhano wa VDC. Timapempha mjigo, mdadada wa sukulu, mlatho, nyumba ya mphunzitsi. Zonsezi n'zofunika. Koma ndi kangati pomwe mudzi unalembapo kuti dambo lakuti lisaperekedwe kwa wina aliyense, kapena kuti njira yakuti ikhale yotsegula mpaka kalekale? Timalemba zomwe tilibe, n'kuiwala kulemba zomwe tili nazo. Ndiye pulani ikafika ku khonsolo imaonetsa mudzi wosowa zinthu, osati mudzi wokhala ndi chuma choyenera kutetezedwa. Wobwera ndi ndalama akafunsa ngati pali choletsa, kalaliki amatsegula faelo n'kupeza kuti palibe.

Mau kwa atsogoleri athu

Kwa inu mafumu athu, a gulupu ndi anyakwawa, tikulankhula mwaulemu wonse. Mwambo wathu umati mfumu ndi msungi wa malo, osati mwini wogulitsa. Tikudziwa mayesero omwe mumakumana nawo: mswahara ndi wochepa, ndipo mlendo amafika pa galimoto ndi mau okoma ndi envulopu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tikukupemphani kuti nkhani iliyonse ya malo ikambidwe pabwalo, masana, mbumba yonse ilipo, ndipo pasakhale kudinda pa pepala lomwe silinawerengedwe mokweza m'Chichewa. Mfumu yomwe yanena kuti "dikirani ndifunse anthu anga" siinachepe. Yaonetsa kuti ili ndi anthu.

Kwa inu makhansala ndi aphungu omwe tinakusankhani m'mwezi wa September 2025, ndi kwa ogwira ntchito ku khonsolo: pulani ya malo isakhale chinsinsi cha mu kabati. Bwerani nayo ku ADC isanavomerezedwe, m'chilankhulo chomwe anthu amamva. Muikemo mzere woonekeratu woteteza madimba, madambo, akasupe, manda ndi njira za anthu. Ngati m'dera muli malo oyenera nyumba za alendo, asankhidwe pamodzi ndi eni dera, pa miyala ndi pa zitunda zosalimidwa, osati pa nthaka yomwe ikudyetsa anthu. Ndipo khonsolo isaone msonkho wa hotela wokha, iwerengenso matumba a chimanga, soya ndi mtedza omwe adzaleke kukololedwa pamalopo chaka chilichonse.

Kwa inu ofuna kudzamanga malo a alendo, Amalawi anzathu kapena ochokera kunja: khomo ndi lotsegula kwa wobwera poyera. Pali njira zochitira malonda amenewa popanda kulanda munda. Mudzi ungathe kubwereketsa malo kwa zaka zodziwika, n'kumalandira gawo lake chaka ndi chaka, nthaka ikadali yake. Mungathe kugula ndiwo, khofi ndi uchi kwa alimi oyandikana nanu, kusiya njira ndi madzi zili zotsegula, ndi kuphunzitsa ana a m'deralo kufikira atayendetsa okha ntchitoyo. Zonsezi zilembedwe m'pangano lomwe mudzi uli ndi kope lake, chifukwa lonjezo la pakamwa limachoka pamodzi ndi manijala yemwe analinena.

Tidziyang'anenso tokha

Sichingakhale chilungamo kuloza chala kunja kokha. Malo ambiri satengedwa mokakamiza, timagulitsa tokha. Mnyamata amagulitsa gawo la munda kuti agule njinga yamoto ya kabaza kapena apeze thiransipoti ya ku Joni. Malume amagulitsa dimba lomwe alongo ake ndi ana awo akulima, iwo n'kudzamva zikhomo zitakhomedwa kale. Kuno kwathu, komwe malo ambiri amayenda kudzera kwa amayi, n'zomvetsa chisoni kuti olima ndi amayi koma osainira ndi abambo. Ngakhale kulembetsa malo komwe tatchula kuja kuli ndi msampha wake: chikalata chikalembedwa m'dzina la munthu mmodzi pomwe munda ndi wa mbumba, chimasanduka chingwe chokokera mundawo ku msika. Polembetsa, maina a amayi ndi a ana amasiye aonekepo.

Umphawi womwe umakankhira anthu ku zimenezi ndi weniweni, ndipo sitikuweruza munthu yemwe wagulitsa munda kuti apulumutse mwana wodwala. Koma mphakati womwe ukuona banja likufika pamenepo uli ndi udindo wothandiza lisanafike pogulitsa. Nkhani ya Naboti ndi munda wake wamphesa, yomwe timaiwerenga m'buku loyamba la Mafumu, timakonda kuimva ngati yodzudzula mfumu Ahabu yokha. Tisaiwale kuti akuluakulu a mumzinda wa Naboti, anansi ake enieni, ndiwo anakonza bwalo lomunamizira.

Nafenso a mipingo tili ndi malo aakulu omwe makolo a midzi ino anapereka kwa amishoni kuti pakhale tchalitchi, sukulu ndi chipatala. Pomwe tikuganiza zomangapo nyumba za alendo kapena kubwereketsa kwa amalonda, tiyenera kudzifunsa mafunso omwewa, ndi kufunsa midzi yomwe inatipatsa.

Pali chinanso chowawa kuchinena. Nkhalango ya Ntchisi ndi mapiri oizungulira akutha ndi makala, matabwa ndi moto wolusa, ndipo ena mwa ochita zimenezi ndi ife tomwe. Mitsinje ngati Lifuliza, yomwe imatsikira ku Chia m'boma la Nkhotakota, imayambira m'mapiri muno. Tikameta phiri, dimba lathu limauma ndipo matope amakakwirira nsomba za anzathu kumunsi. Kuonjezera apo timapereka chifukwa kwa iwo omwe amati anthu akumudzi sangasamale chilengedwe, choncho achotsedwe ndi kutchingiridwa kunja ndi waya. Lamulo la nkhalango la 1997 limalola kuti midzi igwirizane ndi boma posamalira nkhalango ndi kupindula nayo. Mudzi womwe ukusunga bwino gawo lake umakhala ndi mau amphamvu tsiku lomwe wina adzabwere kudzanena kuti iye ndiye angalisamale bwino.

Ntchito ya chilimwe chino

Tikupempha kuti kalata ino iwerengedwe m'matchalitchi ndi kukambidwa m'miphakati, ndipo anansi athu a mipingo ina, Asilamu ndi a chipembedzo cha makolo aitanidwe, pakuti kasupe sasankha womwa. Zokolola zikalowa m'nkhokwe, mudzi uliwonse upemphe a nyakwawa tsiku loyendera malire. Pakhale agogo omwe akudziwa mbiri ya tsala lililonse, amayi omwe amadziwa komwe kuli madzi, nkhuni ndi bowa, ndi achinyamata odziwa kulemba. Jambulani pa pepala lalikulu minda, madimba, madambo, manda, akasupe ndi njira zonse, ndi maina ake omwe timawatchula. Pomwe pali mkangano wa malire pakati pa mabanja kapena midzi, uthetsedwe tsopano pakati pa abale, chifukwa wogula wochenjera amalowera pa mng'alu womwewo.

Mapuwo akavomerezedwa pabwalo, alembedwe m'mabuku a VDC, apite ku ADC, ndipo khansala wa dera lanu asainire kuti walandira ndi kulonjeza tsiku lomwe adzabwere ndi yankho la khonsolo. Ngati kwa gulupu wanu kulibe komiti ya malo, kapena ilipo koma amayi atatu aja kulibe, funsani chifukwa chake. Kope limodzi likhale kwa mfumu, lina ku khonsolo, ndipo lachitatu lisungidwe ndi munthu yemwe mudzi wonse wamusankha, pamalo pomwe chiswe ndi mvula sizifika.